PHUNZIRO: MPANDO WA PULEZIDENTI M'MALAWI NDI ANTHU AMENE AKHALAPO

Mwana amene anabadwa m'chaka cha 1994 lero ndi kholo la ana akeake, koma sanaonepo ndi maso ake khadi la chipani limene bambo ndi mai ake ankaonetsa pa chipata cha msika asanaloledwe kukagula mchere. Akamva akuluakulu akusimba kuti kale munthu ankagona m'ndende zaka zambiri osaweruzidwa, chifukwa cha mau amene anawanena pa mowa, iye amayesa nthano za kalulu. Tsono mtundu woiwala kumene unachokera sukhalira kugwa m'mbuna yomwe unagwamo dzana. Pa chifukwa chimenechi talemba phunziro ili, kuti akatekisti aliwerenge ndi kulifotokoza pang'onopang'ono m'miphakati ndi m'magulu a achinyamata. Sitinalilembe kuti tikweze chipani china kapena kunyoza china ai. Tifuna kuti Mkhristu aliyense adziwe kumene mpando wa Pulezidenti unachokera, anthu amene akhalapo, m'mene anaugwiritsira ntchito, ndiponso m'mene anausiyira.

1. Mpando usanakhalepo

Dziko lathu linalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, ndipo mu 1907 analitcha Nyasaland. Wolamulira anali Bwanamkubwa wokhala ku Zomba, amene sankasankhidwa ndi anthu a kuno, koma ankatumidwa kuchokera ku London. Mu 1953 Nyasaland inamangidwa mtolo umodzi ndi maiko awiri a Rhodesia m'Chitaganya chimene anthu akuda anachikana kuyambira pachiyambi. Anyamata a chipani cha Nyasaland African Congress, monga a Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume, poona kuti pafunika munthu wachikulire amene mafumu ndi anthu a m'midzi angamumvere, anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, dokotala wa ku Kasungu amene anakhala kunja zaka zoposa 40. Iwo anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julaye 1958.

Pa 3 Malichi 1959 boma la Atsamunda linaletsa Congress, anthu ambiri anamangidwa, ena anaphedwa, ndipo Dr Banda anawatumiza ku ndende ya Gwelo. Potuluka pa 1 Epulo 1960 anapeza chipani chatsopano cha Malawi Congress Party, chimene a Orton Chirwa anachiyambitsa, nawasiyira utsogoleri wake. Chipanicho chinapambana chisankho cha 1961; Dr Banda anakhala Nduna Yaikulu mu 1963; Chitaganya chinatha kumapeto kwa chaka chomwecho; ndipo pa 6 Julaye 1964 dziko linalandira ufulu.

Ambiri amayesa kuti Dr Banda anakhala Pulezidenti tsiku lomwelo. Si choncho. Kwa zaka ziwiri mutu wa dziko anali Mfumukazi Elizabeth II, ndipo woiimira kuno anali Sir Glyn Jones. Mpando wa Pulezidenti unabadwa pa 6 Julaye 1966, pamene dziko linasanduka Repabuliki, ndipo zimene zinachitika m'zaka ziwirizo ndizo zinauumba mpandowo.

Patangopita milungu yowerengeka chilandirire ufulu, nduna zingapo zinadandaula kwa Dr Banda za ndalama ya tiki imene odwala anayenera kulipira m'zipatala, za kuchedwa kuika Amalawi m'maudindo a boma, za ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndiponso za khalidwe lao lochita zinthu osafunsa anzao. Mu Sepitembala 1964 Dr Banda anachotsa a Chirwa, a Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo. Ndipo a Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo ao pogwirizana ndi anzaowo. Ambiri a iwo anathawira ku Zambia ndi ku Tanzania. Motero pamene malamulo a Repabuliki ankalembedwa, panalibenso munthu wa mau amphamvu woti anganene kuti apa tiikepo malire. Malamulowo analola chipani chimodzi chokha, sanaike Wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo mu 1971 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti Dr Banda akhale Pulezidenti wamuyaya.

2. Zaka za Dr Banda, 1966 mpaka 1994

Mkhristu poweruza munthu ayenera kuika zonse pa muyeso, zabwino ndi zoipa zomwe. M'nthawi ya Dr Banda inatsegulidwa Yunivesite ya Malawi mu 1965. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Inamangidwa miseu, zipatala ndi masukulu. Alimi ankalimbikitsidwa kugwira khasu, ndipo misika ya ADMARC inafika m'midzi yakutali. Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo ndalama ya Kwacha inayamba mu 1971. Pamene nkhondo inavuta ku Mozambique, dziko lathu losaukali linasunga othawa kwao pafupifupi 1 miliyoni. Akuluakulu akamatama masiku amenewo, achinyamata asawaseke, pakuti akunena zimene anaziona.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsanamira zinai zimene dziko linkaphunzitsidwa, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinasanduka goli pakhosi pa anthu. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa ku msika, pa basi, ngakhale ku chipatala. Amai ankasiya makasu ndi ana kukavina pa misonkhano, ndipo anthu osauka ankasonkhetsedwa mazira, nkhuku ndi mbuzi za mphatso. A Mboni za Yehova, chifukwa chokana kugula khadi, analetsedwa mu 1967. Pambuyo pake anawatenthera nyumba, ndipo zikwi za iwo zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ndende ya Mikuyu inadzaza ndi anthu osaweruzidwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza. Boma linati ndi ngozi ya galimoto, koma kafukufuku wa m'chaka cha 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa. Dr Banda anazengedwa mlandu pa nkhaniyi, ndipo bwalo linawamasula mu 1995. A Orton Chirwa, amene anayambitsa chipani cholamulacho, anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Zonsezi sanazichite munthu mmodzi ndi manja ake awiri. Panali okanena anzao, panali olemba maina usiku, panali oimba nyimbo zotamanda, ndipo ambiri a iwo anali anthu obatizidwa.

3. Eklezia ndi Kalata ya mu 1992

Eklezia Katolika inakumana ndi mphamvu za ndale ufulu usanafike. Mu 1960 nyuzipepala ya chipani cha Congress inadzudzula kwambiri Ambuye Theunissen a ku Blantyre, powaganizira kuti ali kumbuyo kwa chipani cha a Chester Katsonga. Mu 1976 Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe anakakamizidwa kutuluka m'dziko, pakuti boma linkayesa kuti miphakati imene iwo ankailimbikitsa ndi magulu a ndale obisika. Akatekisti adziwe tsono kuti miphakati imene tikumanamo momasuka lero inagulidwa ndi misozi. Komabe nzoona kuti kwa zaka zambiri Eklezia sinalankhule poyera za anthu ozunzidwa. Papa Yohane Paulo II atacheza m'dziko muno mu Meyi 1989, Aepiskopi analimba mtima poganizira udindo wao wa kuteteza chilungamo.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa Kalata ya Aepiskopi. Anaisaina Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Ambuye Felix Mkhori a ku Chikwawa, Ambuye Mathias Chimole a ku Lilongwe, Ambuye Alessandro Assolari a ku Mangochi, Ambuye Allan Chamgwera a ku Zomba, Ambuye Gervazio Chisendera a ku Dedza, ndi Bambo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Kalatayo sinatukwane munthu. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito ndi mitengo yotsika ya mbewu, za ziphuphu ndi kukondera, za kusowa kwa mabuku ndi mankhwala, za anthu omangidwa popanda mlandu, ndiponso za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Zinali zinthu zimene aliyense ankazidziwa, koma panalibe amene anazimvapo zikunenedwa mokweza masana.

Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Aepiskopi anaitanidwa ku polisi ku Blantyre nafunsidwa maola ambiri. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, inatenthedwa. Bambo Roche anathamangitsidwa m'dziko mu Epulo. Tisaiwale kuti m'masiteshoni ambiri a m'midzi, kumene wansembe safika Lamulungu lililonse, amene anaima patsogolo pa anthu nawerenga kalatayo anali akatekisti ndi akuluakulu a mpingo, anthu opanda galimoto lothawira.

Moto unayaka. Ophunzira a ku Chancellor College anaguba m'miseu ya Zomba. A Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo. Antchito ananyanyala ntchito mu Meyi. Maiko othandiza anaimitsa chithandizo china. Ndipo mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirana manja m'bungwe la Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993 anthu anaponya voti posankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo oposa 63 pa anthu 100 alionse anasankha nyali, ndiko kuti zipani zambiri. Upulezidenti wamuyaya unathetsedwa chaka chomwecho, ndipo mu Disembala asilikali analanda zida za Apayoniya.

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi a UDF anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Dr Banda 33, a Chihana 19. Apa tiyenera kunena chinthu chimodzi cholemekeza nkhalambayo: mavoti asanathe kuwerengedwa, Dr Banda analankhula pa wailesi kuvomera kuti agonja. Anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997.

4. Malire amene anaikidwa pa mpando

Anthu amene anapsa ndi moto sauseweretsanso. Malamulo Aakulu atsopano, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994 nakhazikika mu 1995, anati mphamvu zonse za olamulira zichokera kwa anthu, ndipo wolamulira angozisunga monga munthu asungira katundu wa mwini wake. Pulezidenti ndiye mutu wa dziko, mutu wa boma ndi mkulu wa asilikali, koma asankhidwa kwa zaka zisanu, ndipo sangapitirire matemu awiri otsatizana. Ayenera kukhala Mmalawi wa zaka zosachepera 35. Asankhidwa pamodzi ndi Wachiwiri wake, ndipo akamwalira kapena akatula pansi udindo, Wachiwiriyo ndiye atsiriza zaka zotsalazo. Nyumba ya Malamulo ingathe kumchotsa akaphwanya malamulo kwambiri, ndipo mabwalo a milandu angathe kugamula kuti zimene wachita nzosaloledwa. Mbiri ya zaka zotsatira ndiyo mbiri ya m'mene malire amenewa anayesedwera.

5. A Muluzi ndi a Bingu wa Mutharika

A Muluzi, Msilamu woyamba kukhala pa mpandowu, anamasula akaidi a ndale, ndipo anthu anayamba kulankhula ndi kulemba osacheuka. Anathetsa fizi ku pulaimale mu 1994, kotero kuti ana a sukulu anachuluka kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ngakhale kuti aphunzitsi ndi zipinda sizinakwane. Koma m'zaka zomwezo unakula mwambo wogawa ndalama pa misonkhano, nkhani za katangale zinachuluka, ndipo chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa njala ya 2002 ili pakhomo. Atasankhidwanso mu 1999, anzao anayesa kusintha malamulo kuti Pulezidenti aziima nthawi zonse zimene afuna. Aepiskopi athu, abusa a CCAP ndi magulu ena anakana. Mu Julaye 2002 nkhaniyo inagwa m'Nyumba ya Malamulo, itaperewera mavoti atatu okha. Taganizani, abale, anthu atatu akanagulidwa tsiku limenelo, dziko likanabwerera kumene linachoka.

A Muluzi anasankha a Bingu wa Mutharika kuti awalowe m'malo, ndipo iwo anapambana mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100. Chaka chotsatira anatuluka mu UDF nayambitsa DPP. Ndondomeko yao ya feteleza wotsika mtengo, imene inayamba mu 2005, inadzaza nkhokwe, ndipo mu 2009 anthu anawathokoza ndi mavoti 66 pa 100. Koma pa temu yachiwiri makutu anatsekeka. Mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinasowa, kazembe wa Britain anathamangitsidwa mu Epulo 2011, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julaye chaka chomwecho anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Mwezi wotsatira, pa mapemphero a dziko ku Blantyre, malemu Ambuye Joseph Zuza a ku Mzuzu analalikira Pulezidenti ali pomwepo, nachenjeza kuti munthu wodziyesa kuti nzeru zonse zili mwa iye yekha ndiye asokera koposa onse. A Bingu anali Mkatolika, koma mbusa sanawaope pa chifukwa chimenecho, ndipo sanawakondere.

Pa 5 Epulo 2012, tsiku la Lachinai Loyera, a Bingu anadwala mtima mwadzidzidzi namwalira ku Lilongwe. Imfa yao inabisidwa masiku awiri, pamene nduna zina zinkafuna njira yoletsa Wachiwiri, Mai Joyce Banda, kulowa pa mpando, poti anali atachotsedwa m'chipani mu 2010. Mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, anaima pa Malamulo Aakulu, ndipo pa 7 Epulo, Loweruka Loyera, Mai Banda analumbira.

6. Kuyambira 2012 mpaka 2025

Mai Joyce Banda anali mai woyamba kulamulira Malawi, ndiponso wachiwiri mu Africa kukhala Pulezidenti wolamula boma, pambuyo pa Mai Ellen Johnson Sirleaf a ku Liberia. Anakonza ubale ndi maiko othandiza, anabwezera mbendera ya dzuwa lotuluka imene inasinthidwa mu 2010, ndipo anatsitsa mphamvu ya Kwacha, kotero kuti mafuta anapezekanso koma katundu anakwera mtengo. Mu 2013 kunaululika kuba kwa mabiliyoni a ndalama za boma ku Capital Hill, kumene anthu anakutcha Cashgate. Pa chisankho cha 2014 Mai Banda anakhala achitatu. Anayesa kuchithetsa chisankhocho ponena kuti sichinayende bwino, koma bwalo linakana, ndipo anachoka. Anapambana ndi Prof. Arthur Peter Mutharika, mng'ono wa a Bingu, ndi mavoti 36 pa 100.

Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 ndicho chinayesa mabwalo a milandu. Bungwe la chisankho linalengeza kuti a Mutharika apambana ndi mavoti 38 pa 100, koma Dr Lazarus Chakwera ndi Dr Saulos Chilima anakasuma, ponena kuti mapepala ambiri a zotsatira anafufutidwa ndi utoto woyera wa tipeksi nalembedwanso. Miyezi yambiri anthu anamvera mlanduwo pa wailesi, m'miseu muli zionetsero. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, a Healey Potani, Mai Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, anagamula kuti chisankhocho chichitikenso, ndiponso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka la onse. Mu Africa monse, dziko la Kenya lokha ndilo linachitapo zotere, mu 2017. Pa 23 Juni 2020 Dr Chakwera, amene kale anali mtsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God, anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100, ndipo a Mutharika anachoka.

Zaka za Dr Chakwera zinakumana ndi mliri wa Covid-19, kolera, ndi namondwe wa Freddy amene anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023. Kwacha inatsitsidwa mu 2022 ndiponso mu 2023, mafuta anasowanso, ndipo Aepiskopi m'kalata yao ya Lenti mu 2024 anadandaula poyera za katangale ndi za malonjezo osakwaniritsidwa. Pa 10 Juni 2024 Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Chilima, anafa pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 a Peter Mutharika anabwerera pa mpando ndi mavoti oposa 56 pa 100, ali ndi zaka 85, ndipo Dr Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe.

7. Tiphunzirapo chiyani?

Choyamba, tithokoze Mulungu. Kuyambira 1966 mpaka 2025 anthu asanu ndi mmodzi akhala pa mpando umenewu. Kanai konse, mu 1994, 2014, 2020 ndi 2025, Pulezidenti wolamula anagonja pa chisankho nausiya mpando popanda nkhondo. Asilikali athu sanalandepo boma. Maiko ambiri a mu Africa sangathe kunena mau amenewa, ndipo mtendere wotere sudzisunga wokha.

Chachiwiri, tiwone kumene ulamuliro uchokera. Papa Yohane XXIII, m'kalata yake yonena za mtendere pa dziko lapansi ya m'chaka cha 1963, anaphunzitsa kuti ulamuliro uchokera kwa Mulungu, koma kuti zimenezi sizichotsa ufulu wa anthu wosankha owalamulira ndi kuwaikira malire. Chifukwa chake Mkhristu alemekeza Pulezidenti, alipira msonkho, amvera malamulo olungama. Koma sapembedza munthu, ndipo salandira lamulo lotsutsana ndi la Mulungu. Aisraele atapempha mfumu, mneneri Samuele anawachenjeza kuti mfumuyo idzatenga ana ao, minda yao ndi zokolola zao. Chenjezo limenelo silinakalambe.

Chachitatu, mtsogoleri aonongeka akasowa womuuza zoona. Mfumu Davide anapulumuka chifukwa anamvera mneneri Natani. Rehobowamu anang'amba ufumu wa atate ake chifukwa anataya uphungu wa akuluakulu namvera anyamata omusyasyalika. M'mbiri yathu taona kuti mu 1964 amene anadandaula anathamangitsidwa, ndipo dziko linakhala chete zaka pafupifupi 30. Taonanso kuti Apulezidenti athu ambiri anakangana ndi Achiwiri ao: a Muluzi ndi a Justin Malewezi, a Bingu ndi a Cassim Chilumpha kenaka ndi Mai Banda, a Peter Mutharika ndi Dr Chilima. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndiponso mutu umodzi susenza denga.

Chachinai, udindo waukulu uli pa woponya voti. Kuyambira 1994 ambiri a ife takhala tikusankha poyang'ana chigawo ndi mtundu wa munthu, ena poyang'ana nsalu ndi ndalama zimene talandira pa msonkhano, ngakhale kuti lamulo la zipani la m'chaka cha 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Munthu wogulitsa voti yake ndi thumba la shuga wagulitsa mankhwala a m'chipatala ndi mabuku a ana ake kwa zaka zisanu, ndipo akadzapeza chipatala chopanda mankhwala asadzati Mulungu wamtaya. Eklezia siuza mwana wake dzina la munthu woti amsankhe. Imuuza kuti alembetse, akaponye voti, ndipo asanaponye afunse ngati munthuyo ndi woona, ngati asamala osauka, ngati manja ake ndi oyera pa chuma cha anthu, ndiponso ngati amamva akadzudzulidwa.

Kwa inu akatekisti tinena mau awa mwapadera. Muli ndi ufulu wokonda chipani chimene mufuna, koma poima pa guwa muli a Akhristu onse. Musavale nsalu ya chipani potsogolera mapemphero, musalole kuti tchalitchi chisanduke bwalo la msonkhano wa ndale, ndipo mphatso imene wandale abweretsa nyengo ya chisankho muitengere kwa Bambo Mfumu ndi akuluakulu a parishi, ionekere poyera. Koma musaope kuwerenga makalata a Aepiskopi onse athunthu, ngakhale ndime zimene ziwawa chipani chimene inu muchikonda.

Potsiriza, tiyang'ane mipando yathu ing'onoing'ono. Alipo wapampando wa mphakati amene wakhalapo zaka khumi nakana chisankho. Alipo msungichuma wa kwaya amene amakwiya akafunsidwa za ndalama. Alipo bambo amene m'nyumba mwake salola mkazi kapena mwana kuyankhapo. Apulezidenti sagwa kuchokera kumwamba. Aleredwa m'mabanja ndi m'mipingo yathu yomweyi, ndipo khalidwe limene tilekerera pa mpando waung'ono tidzalipeza pa mpando waukulu. Ambuye athu Yesu, usiku woti aperekedwa mawa lake, anavula chovala chao, anamanga nsalu m'chiuno, nasambitsa mapazi a ophunzira ao. Umenewo ndiwo muyeso wa ulamuliro wonse, kuyambira wa nyakwawa kufikira wa Pulezidenti. Paulo Woyera analangiza Timoteo kuti Akhristu azipempherera mafumu ndi onse a maudindo. Tsono tiwapempherere atsogoleri athu, amene tinawasankha ndi amene sitinawasankhe, kuti Mulungu awapatse nzeru, mtima womva, ndi kudzichepetsa kwa kuusiya mpando nthawi yao ikakwana.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi mpando wa Pulezidenti unayamba chaka chanji, ndipo zinachitika nzotani mu 1964 zimene zinaupatsa mphamvu zopanda malire?

2. Tchulani zabwino ziwiri ndi zoipa ziwiri za ulamuliro wa Dr Banda. Akuluakulu amene analipo asimbire achinyamata zimene anaziona okha.

3. Kodi Kalata ya Aepiskopi ya mu 1992 inanena zotani? Ndi ziti mwa zimenezo zimene zikalipo m'dera lathu?

4. Tchulani malire atatu amene Malamulo Aakulu aika pa Pulezidenti, ndi chaka chimene malire alionse anayesedwa.

5. Werengani 1 Samuele 8 ndi Yohane 13. Kodi atsogoleri awiri ofotokozedwa m'menemo asiyana bwanji?

6. Kodi mu mphakati wathu atsogoleri anasankhidwa liti, ndipo ndalama zathu zinawerengedwa liti pamaso pa onse?